Pakati pa Mankhwala Awiri: Kusintha Mankhwala a Khunyu ku Neno

Munthu wodwala khunyu akamwa mankhwala amodzimodzi kwa zaka zambiri, nyumba yonse imawazolowera. Ana amadziwa kuti kapiritsi kaja kamamwedwa pogona. Agogo amasunga m'mutu tsiku lokatenga ena. Ngakhale tulo timene mankhwalawo amabweretsa timaleka kuonedwa ngati vuto, timangosanduka khalidwe la mwiniwake: "Ameneyo musiyeni, ngwatulo." Ndiye tsiku lina wodwala uja amabwerako kuchipatala atanyamula timapepala tiwiri ta mapiritsi m'malo mwa kamodzi, nanena kuti adokotala asintha mankhwala. Funso loyamba la apabanja limakhala lakuti, "Nanga akale aja alakwanji?" Lachiwiri limadza pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, wodwala akayamba kudzandira ndi kudandaula chizungulire: "Kodi atsopanowa akumuyanja?"

Masabata amenewa, pamene mankhwala akale sanachoke m'thupi ndipo atsopano sanakhazikike, ndi amene ambiri amatayira mtima n'kusiya mankhwala onse. Ndi masabata omwewonso pamene zizindikiro zoopsadi, zomwe n'zowerengeka, zimatulukira. Zonsezi zimachitikira pakhomo, dokotala ali kutali, choncho oweruza ngati vuto ndi lodikira kapena lothamanga nalo amakhala mayi, mwamuna, mlongo kapena wodwala mwini.

Ku Neno kutalika kwa mtunda si nkhani yongomva. Bomali, limene linapatulidwa ku Mwanza m'chaka cha 2003, linali ndi anthu oposa 138,000 pa kalembera wa 2018. Ena ali kumtunda, cha ku Dambe ndi ku Nsambe, kumapiri ozizira a mbatata ya kachewere ndi tirigu. Ena ali kumunsi, cha ku Lisungwi, Matope ndi Zalewa, m'chigwa chotentha cha mtsinje wa Shire. Mvula ikakhazikika, misewu ya kumapiri imaterera moti ngakhale a kabaza amayamba kufunsa kaye ngati ulendowo ngwofunikadi.

Komabe pa nkhani ya matenda a mgonagona, Neno ili ndi mwayi umene maboma ambiri alibe. Kuyambira 2007, bungwe la Partners In Health, lodziwika kuno kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, lakhala likugwira ntchito limodzi ndi Unduna wa Zaumoyo m'bomali. M'chaka cha 2015 anayambitsa kiliniki yotchedwa Integrated Chronic Care Clinic, mwachidule IC3, kumene odwala shuga, mphumu, kuthamanga kwa magazi, khunyu, matenda a maganizo ndi omwa ma ARV amaonedwa tsiku limodzi, pamzere umodzi, pachipatala cha kufupi ndi kwawo. Kwa nthawi yaitali m'zipatala za boma odwala khunyu ankaonedwa kukiliniki ya matenda a maganizo, zomwe zinkawonjezera mphamvu ku bodza lakuti khunyu ndi misala. Pamzere wa IC3 palibe angadziwe chimene mnzake wadzera. Koma phindu lina, lomwe silitchulidwa kawirikawiri, n'lakuti wolemba mankhwala a khunyu ndi yemweyo amene akuona mankhwala ena onse a munthuyo. Kusintha kwambiri kwa mankhwala kumayambira pamenepo.

Mankhwala anayi

Bungwe la World Health Organization limati anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse ali ndi khunyu, ndipo pafupifupi 80 mwa 100 alionse a iwo ali m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Limatinso odwala ofika 70 mwa 100 angaleke kugwa atalandira chithandizo choyenera. Kwathu kuno matendawa amachuluka chifukwa zovulaza ubongo n'zambiri: mwana kubanika pobadwa, matenda oumitsa khosi, ngozi za pamsewu, tizilombo ta njoka za m'mimba zofalikira kudzera mu nkhumba, ndi malungo olowa mu ubongo. Kafukufuku wa ku Blantyre wotsogoleredwa ndi Gretchen Birbeck, amene anasindikizidwa m'chaka cha 2010, anatsatira ana 132 opulumuka ku malungo a mu ubongo. Ana 12 mwa iwo anadzayamba kugwa khunyu, pamene mwa anzawo 264 amene sanadwale malungo otere panalibe ndi mmodzi yemwe.

Mankhwala amene zipatala zathu zimadalira ndi anayi, ndipo onse ndi nkhalakale. Phenobarbitone anayamba kugwiritsidwa ntchito pa khunyu ku Germany m'chaka cha 1912, dokotala wina, Alfred Hauptmann, atazindikira kuti mankhwala amene ankapatsa odwala ake kuti azigona ankachepetsanso kugwa. Taonani: tulo sitinabwere mwangozi, ndito tinali ntchito yake yoyamba. Phenytoin anatsatira m'chaka cha 1938 ku America. Carbamazepine ndi sodium valproate anafika m'zaka za m'ma 1960, woyambayo kuchokera ku Switzerland, winayo ku France. Onse amagwira ntchito imodzi, yoziziritsa timitsempha ta mu ubongo kuti tisatumize mauthenga mwachipwirikiti, koma aliyense ali ndi njira yake ndi zowawa zake. Palibe amene amachotseratu matenda. Amangowatsekereza, n'chifukwa chake mlingo wa mankhwala m'magazi suyenera kutsika ngakhale kwa masiku ochepa.

Chifukwa chodziwikiratu chosinthira n'chakuti munthu akugwabe. Koma dokotala wodziwa ntchito sathamangira kusintha. Amayamba wafunsa ngati mapiritsi akumwedwa tsiku ndi tsiku, ngati sanathe tsiku lokatenga ena lisanafike, ngati mowa sukulowererapo, ndiponso ngati mwana amene anayamba mankhwala ali wamng'ono sanakule n'kuusiya kumbuyo mlingo umene anamulembera. Apa mpofunika kunena chilungamo. Munthu akabisa kuti amadumphitsa masiku poopa kukalipiridwa, amachititsa kuti mankhwala abwinobwino aweruzidwe kuti alephera, ndipo pa mankhwala anayi okha kutaya amodzi pachabe n'kudzimana kwakukulu.

Chifukwa china chili m'chiwindi. Phenobarbitone, phenytoin ndi carbamazepine amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala, osati iwo okha ayi, komanso ena amene munthu akumwa. M'chaka cha 2019 dziko la Malawi linasamutsira anthu ambiri omwa ma ARV ku mapiritsi okhala ndi dolutegravir. Mankhwala atatu a khunyuwa amatsitsa mlingo wa dolutegravir m'magazi, ndipo ukatsika kwambiri kachilombo kangayambenso kuswana, mwinanso kupima. Zikatero dokotala amasankha pakati pa kuwonjezera dolutegravir ndi kusintha mankhwala a khunyu. Ndiye musadabwe kuona munthu amene wakhala zaka osagwa akusinthidwabe mankhwala. Mkangano womwewu ulipo ndi mankhwala a chifuwa chachikulu, kumene isoniazid amakweza mlingo wa carbamazepine ndi phenytoin mpaka munthu kumadzandira, pamene rifampicin amautsitsa. Ngakhale LA wa malungo amafooka m'thupi la munthu womwa carbamazepine kapena phenytoin. Wodwala khunyu akapita kuchipatala ndi vuto lina lililonse, mawu oyamba azikhala akuti, "Ndimamwa akhunyu," kabuku ka kuchipatala kali m'manja.

Kwa amayi nkhaniyi ndi yolemera koposa, ndipo m'pamene kusankha kumapweteka. Kufulumira kwa chiwindi kuja kumafooketsa mapiritsi olera ndi njira ya pamkono, moti mayi angaime ali ndi kapulasitiki kake pamkono, anthu n'kumamunena kuti ananama. Jakisoni wa miyezi itatu ndi lupu sizisokonezedwa chotero. Wina angati bwanji osangopereka sodium valproate, popeza iye safulumizitsa chiwindi ndipo sakangana kwenikweni ndi dolutegravir? Vuto n'lakuti mwa anayiwa valproate ndiye woopsa kwambiri kwa mwana wosabadwa. Pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 10 alionse amene amayi awo amamwa valproate ali oyembekezera amabadwa ndi chilema chachikulu, monga msana wosatsekeka, pamene mwa ana ena onse ndi awiri kapena atatu mwa 100. Ana 30 mpaka 40 mwa 100 a amayi omwa valproate amachedwa kuyankhula ndi kuphunzira. Choncho mtsikana amene wakula akumwa valproate ayenera kukambirana ndi dokotala za kusintha akangotha msinkhu, osadikira mimba, chifukwa msana wa mwana umatsekeka m'mwezi woyamba, mayi asanatsimikize n'komwe kuti waima. Folic acid nayenso amayenera kuyambidwa mimba isanakhale. Koma amene wazindikira kale kuti ndi woyembekezera asataye mapiritsi usiku womwewo. Kugwa koopsa kungaphe mayi ndi mwana yemwe. Apite kuchipatala m'mawa mwake, akumwabe.

Kusinthako

Pokhapokha pakagwa zadzidzidzi, mankhwala a khunyu sasinthidwa tsiku limodzi. Mzati wa nyumba ukafumbwa, mmisiri sauzula kaye n'kupita kutchire kukadula wina. Amaimika watsopano pambali, denga likakhazikikapo m'pamene amachotsa wakale. Dokotala nayenso amayambitsa mankhwala atsopano pa mlingo wochepa, akale akumwedwabe, n'kumakweza pang'onopang'ono. Atsopano akafika pa mlingo wogwira ntchito m'pamene akale amayamba kuchepetsedwa. Timapepala tiwiri tija tanthauzo lake n'limeneli. Ndi pomweponso pamene zolakwika zimayambira: wina amaganiza kuti ayenera kumaliza akale asanayambe atsopano, wina amasiya akale tsiku lomwelo poti "andisintha." Munthu asachoke pawindo lolandirira mankhwala asanabwereze ndi pakamwa pake kuti awa n'ngati m'mawa, awa n'ngati madzulo, mpaka tsiku liti. Kufunsa kawiri si umbuli. Ngati wodwala sadziwa kuwerenga, kapepala kamodzi kaikidwe chizindikiro chooneka ndi maso.

Phenobarbitone ndiye amafuna kudekha koposa. Amakhalitsa m'thupi, moti mwa munthu wamkulu pamatha masiku pafupifupi anayi kuti theka lake lichoke m'magazi. Zimenezi zimanyenga. Munthu akasiya Lolemba, Lachitatu amadzimva wopepuka m'mutu kuposa zaka zonse, n'kumauza anzake kuti mankhwala aja ndiwo ankamudwalitsa. Chilango chimabwera mochedwa. Ubongo umene unazolowera kuziziritsidwa kwa zaka umayamba ndi kusowa tulo, nkhawa ndi kunjenjemera, kenako kugwa kumabwera motsatizana, mwina munthu osatsitsimuka pakati. Kuphupha kopitirira mphindi zisanu, kapena kugwa kobwereza munthu asanadzuke, ndi ngozi yofuna jakisoni wa kuchipatala, ndipo ku Dambe usiku wamvula jakisoniyo sali pafupi. N'chifukwa chake phenobarbitone amachepetsedwa kwa miyezi. Langizoli n'lomwelo kwa amene wapemphereredwa kapena wapita kwa asing'anga n'kuuzidwa kuti wachira: pemphero silikangana ndi piritsi, ndipo wouza wodwala khunyu kuti ataye mankhwala pofuna kuonetsa chikhulupiriro akusewera ndi moyo wa mwana wa eni.

Pa masabata amene mankhwala awiri ali limodzi, amakhudzana. Valproate amachedwetsa kuchoka kwa phenobarbitone, choncho munthu wosamuka kuchoka pa phenobarbitone kupita pa valproate angagone kwambiri kuposa kale ngakhale sanawonjezere piritsi la phenobarbitone ndi limodzi lomwe. Apabanja amaloza chala mankhwala atsopano, pamene tulo tikuchokera kwa akale. Carbamazepine ali ndi khalidwe lina: m'masabata atatu kapena anayi oyamba amaphunzitsa chiwindi kumuphwanya mofulumira, moti mlingo umene unkazunguza mutu sabata yoyamba umadzapepuka pakutha mwezi, mwina kuchepa kumene. Ichi n'chifukwa chake amayambidwa pang'ono n'kumakwezedwa. Woweruza carbamazepine pa tsiku lachitatu waweruza msanga.

Zodikira ndi zothamanga nazo

Madandaulo ambiri a masabata oyamba amamveka chimodzimodzi pabenchi la kiliniki iliyonse. "Ndikungokhala ngati ndaledzera." "Ndikuona anthu awiriawiri." "Mutu ukulemera." "Mtima ukuchita nseru." Tulo, chizungulire, kudzandira pang'ono ndi nseru kawirikawiri zimatha zokha thupi likazolowera, ndipo zili ndi mankhwala ake osagula. Carbamazepine ndi valproate savuta kwambiri m'mimba akamwedwa ndi chakudya, ngakhale kaphala chabe. Ngati kuona zinthu ziwiriziwiri kumabwera ola limodzi kapena awiri chimwereni piritsi n'kutha kokha, ndiye kuti mlingo ukukwera kwambiri pa nthawi imeneyo, ndipo dokotala angaugawe mwina, kapena kusunthira gawo lalikulu ku nthawi yogona. Zimenezi azichita ndi dokotala, osati wodwala payekha. Kudzuka pamphasa pang'onopang'ono kumathandiza. Mowa ndiwo suthandiza konse, kaya ndi kachasu kaya ndi masese: umawonjezera tulo ndi kudzandira lero, mawa lake ukamachoka m'thupi n'kuitana kugwa. Kuchezera usiku wonse pasiwa kapena pamapemphero kumachitanso chimodzimodzi, ndipo mudzi uyenera kumvetsa munthu wodwala khunyu akapempha kukagona anzake akuimbabe.

Pali chikhulupiriro chofala chakuti mankhwala amphamvu samwedwa pamimba yopanda kanthu. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitapepuka, chikhulupirirochi chimadumphitsa anthu mapiritsi. Nseru ya pamimba yanjala ndi yowawa ndithu, koma ndi yaing'ono poyerekeza ndi kugwera pamoto. Valproate amabweretsanso vuto lotsutsana nalo: amatsegula chilakolako cha chakudya. Mabuku a kunja amadandaula za kunenepa. M'nyumba yodya kamodzi patsiku, dandaulo limakhala la mwana amene akulirira nsima ya abale ake, n'kumatchedwa wadyera. Valproate amanjenjemeretsanso manja ndi kuthothola tsitsi, ngakhale tsitsilo nthawi zambiri limameranso.

Tsopano zothamanga nazo, ndipo choyamba ndi zidzolo. Carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbitone onse angatulutse zidzolo pakhungu, makamaka m'miyezi iwiri yoyamba. Zambiri n'zazing'ono, koma palibe munthu wa pamudzi angasiyanitse pa tsiku loyamba zidzolo wamba ndi chiyambi cha vuto lotchedwa Stevens-Johnson, limene khungu limasupuka ngati lapsa ndi madzi otentha ndipo limapha. Zidzolo zikabwera ndi kutentha thupi, zilonda m'kamwa, milomo yosweka, maso ofiira otuluka manthongo, matuza, kapena kuwawa pokodza, limenelo si la mawa ayi. Kwathu kuno msampha wake n'ngwakuti thupi likatentha aliyense amaganiza za malungo, zidzolo n'kumati ndi chikuku kapena zotuluka chifukwa cha thukuta la ku Lisungwi. Pakhungu lakuda kufiira sikuonekanso msanga, choncho muziyang'ana m'kamwa ndi m'maso. Lamulo losavuta ndi ili: zidzolo zilizonse zotuluka munthu atayamba mankhwala atsopano a khunyu zikaonedwe kuchipatala tsiku lomwelo, piritsi lotsatira lisanamwedwe. Apa dokotala amaimitsa mankhwala nthawi yomweyo, n'kuika ena oteteza. Ndipo dzina la mankhwala olakwawo lilembedwe ndi zilembo zazikulu pachikuto cha kabuku, chifukwa amene watupa ndi amodzi mwa atatuwa angatupenso ndi anzakewo.

Valproate nthawi zina amavulaza chiwindi kapena kapamba, makamaka m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, ndipo ana osakwana zaka zitatu ndiwo ali pangozi yaikulu. Kusanza kosalekeza, kupweteka kwambiri m'mimba, maso achikasu, kufooka kwachilendo, kapena kutuluka magazi m'mphuno ndi m'nkhama popanda chifukwa n'zofuna chipatala msanga. Womwa carbamazepine akamadwala zilonda zapakhosi ndi kutentha thupi mobwerezabwereza ayenera kuyezedwa magazi, ndipo wachikulire akayamba kusokonezeka mutu mwina mchere wa m'magazi watsika. Munthu wogona moti sakudzutsika, kapena woyamba kuyankhula zodzipha, asasiyidwe yekha. Chinanso chodabwitsa n'chakuti mankhwala a khunyu angawonjezere kugwa akapatsidwa pa mtundu wolakwika wa matendawa. Mwana amene amangoti duu kwa kanthawi n'kupitiriza zimene amachita, kapena wachinyamata amene manja amamudzidzimuka m'mawa mpaka kutaya kapu, angaipireipire ndi carbamazepine.

Pakati pa zodikira ndi zothamanga nazo pali gulu lachitatu, la zovuta zosapha koma zodya moyo pang'onopang'ono, ndipo ine ndimaona kuti ndi limene timalinyalanyaza kwambiri. Phenytoin amatupitsa nkhama mpaka kukwirira mano, amameretsa tsitsi kumaso, ndipo mtsikana amasiya kuseka pagulu. Kutsuka mano mosamala kumachepetsako kutupako koma sikukuthetsa nthawi zonse. Phenobarbitone, amene amagonetsa akuluakulu, ana ena amawasandutsa osakhazikika, aukali, osamva. Mwana wotere amakwapulidwa kunyumba ndi kusukulu komwe chifukwa cha piritsi. Wina amasinza m'kalasi, n'kubwereza Sitandade 4 kawiri, makolo n'kugamula kuti matenda anamuphera nzeru. Makolo ambiri satchula zimenezi kwa dokotala, poganiza kuti mwana akaleka kugwa ndiye kuti zonse zatheka ndipo kudandaula n'kusayamika. Ayi ndithu. Mwana wosagwa koma wosaphunzira sanathandizike mokwanira, ndipo chimenechi pachokha n'chifukwa chomveka chopemphera kuti mankhwala aunikidwenso.

Kafukufuku ali kumbali ya odandaulawo. M'chaka cha 2000, Patrick Kwan ndi Martin Brodie a ku Glasgow anasindikiza zotsatira za odwala 470 amene anali asanamwepo mankhwala a khunyu. Mwa 100 alionse, 47 analeka kugwa ndi mankhwala oyamba, ndipo ena 14 ndi achiwiri kapena achitatu. Chosangalatsa chili mkati mwake: mwa amene anasiya mankhwala oyamba chifukwa sankagwira ntchito, 11 okha mwa 100 ndiwo anadzaleka kugwa, koma mwa amene anasiya chifukwa cha zovuta zosapiririka, anali 41 mwa 100. Kukanidwa ndi mankhwala amodzi sikutanthauza kuti matenda ako ndi okanika.

Ntchito ya pakhomo

M'miyezi ya kusinthaku, ngakhale munthu amene wakhala zaka osagwa azionedwa ngati angagwe lero. Moto ndi madzi zimapha ndi kulemaza odwala khunyu ambiri. Asaphike yekha pamafuwa, asaothe moto ali yekha m'nyengo yozizira ya kumapiri, asayandikire uvuni wa makala kapena wa njerwa. Asapite yekha kukachapa kumtsinje wa Lisungwi kapena kukawedza ku Shire, asakwere mumtengo kukathyola manachesi, ndipo wa kabaza aimike kaye njinga mpaka dokotala atamulola. Mayi woyamwitsa akhale pansi poyamwitsa ndi posambitsa mwana. Munthu akagwa, muchotseni pafupi ndi moto, muikeni chofewa kumutu, kuphupha kukatha mugonekeni chammbali. Musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse kanthu asanatsitsimuke. Thovu lake silipatsira matenda, ngakhale mpweya umene angatulutse. Mantha amenewa achititsa anthu ambiri kupsa abale awo akuonerera.

Kuyeza kuchuluka kwa mankhwalawa m'magazi si chinthu chopezeka pachipatala chaching'ono. Chimene dokotala amadalira ndi zimene mwamuuza, ndipo "zikusinthako pang'ono" sichimuthandiza. Kope la sukulu ndi lokwanira: tsiku limene munthu wagwa, nthawi yake, kutalika kwake, ngati anadumphitsa piritsi, ngati anachezera kapena anali ndi malungo, pambali pake, tsiku limene chizungulire kapena tulo zinayamba ndi nthawi imene zimakula. Wodwala mwini saona kugwa kwake, choncho pa ulendo wa kukiliniki apite ndi amene amaona. Ngati pakhomo pali foni yojambula, kavidiyo kakafupi kamauza dokotala zambiri kuposa kufotokoza kwa anthu atatu. Ku Neno kulinso ogwira ntchito zaumoyo a m'midzi amene amayendera makomo mwezi ndi mwezi. Auzeni tsiku lomwe mankhwala asinthidwa, osadikira kuti atulukire okha. Odwala okhazikika amapatsidwa masiku otalikirana, koma munthu amene ali pakati pa mankhwala awiri si wokhazikika. Ngati tsiku lobwerera lalembedwa patali, n'koyenera kufunsa kuti, "Adokotala, nanga zikandivuta pakatipa ndibwere liti, ndipo ndifikire kwa yani?" Ndipo ngati kusinthako si kwachangu, palibe cholakwika kukambirana zoti kuyambe mvula itatha, njira zikupitika.

Pali kusintha kwina kumene palibe anakukonza: wafika pawindo, akuti mankhwala ako atha, tenga awa. Zimachitika m'zipatala za m'dziko muno, ndipo phenobarbitone, ngakhale ndi wotchipa kwambiri, ali pa mndandanda wa mankhwala olondoledwa mwapadera pansi pa pangano la United Nations la 1971, zomwe zimawonjezera zikalata pomuitanitsa. Kusintha kotereku n'koopsa chifukwa kulibe nthawi ya mankhwala awiri. Chodzitetezera n'kupita kukatenga ena mapiritsi a masiku angapo akadalipo, ndi kukana kuchoka usanaonane ndi dokotala ngati wapatsidwa dzina lachilendo. Nthawi zina dzina limakhala lomwelo koma piritsi lasintha mtundu kapena kukula poti lachokera ku kampani ina. Chofunika kuyang'ana ndi nambala ya mamiligalamu, osati maonekedwe. Kubwereka mapiritsi a mnansi "poti nayenso ngwakugwa" n'kulakwa, ngakhale kumachokera mu mtima wabwino. Kasungidwe nakonso n'kofunika: carbamazepine amatha mphamvu akanyowa, ndipo valproate amayamwa chinyezi, choncho m'dzinja mapiritsi akhale m'kabotolo kotseka bwino, pamalo ouma, posafika ana.

Palinso mankhwala achisanu. M'chaka cha 2023 World Health Organization inaika levetiracetam pa mndandanda wake wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse, kutsatira lamotrigine amene analowapo mu 2017. Levetiracetam sasokoneza dolutegravir kapena njira zolera, ndipo ndi mmodzi mwa mankhwala odalirika kwa mayi woyembekezera, choncho amamasula mfundo zingapo zimene anayi akale aja amamanga. Mtengo wake ukadali wokwera poyerekeza ndi phenobarbitone. Nayenso ali ndi lake: anthu ena amawapsetsa mtima msanga, ena amawagwetsa mphwayi ndi kukhumudwa, ndipo wodwala mwini ndiye amakhala womaliza kuzindikira. Akakhala pa mashelefu a ku Nsambe ndi ku Chifunga, dokotala adzayenera kufunsa mafunso awiri, lina kwa wodwala lakuti wagwa kangati, lina kwa akunyumba lakuti pakhomo mukukhalitsana bwanji.